Nkhoswe ya a Petro ndi a Borisi

Ndisanakwere ndege ndinali mphunzitsi wa hisitole pasekondale ina ku Ntcheu. Ndinalinso nkhoswe ya mabanja anayi, ndipo palibe ngakhale limodzi limene linatha lili m'manja mwanga. Izi ndimazinena mokweza, kaya anthu aziti ndimadzitama, zawo zimenezo. M'kalasi mutu umene ndinkaukonda kwambiri unali wa zimene zinayambitsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ija agogo athu ankaitcha ya Chiwaya. Ndinkalemba pabolodi kuti kunyadira dziko lako mopitirira muyeso, mpikisano wa zida, mapangano otetezana. Ana ankakopera, n'kuloweza, n'kukhoza mayeso. Akayamba kusinza masana ndinkawadzutsa ndi nkhani ya agogo anga, amene anasenza katundu wa asilikali mpaka mapazi kung'ambika, pamkangano wa mafumu a ku Ulaya amene sanawaonepo ndi nkhope yomwe. Ndinkadziona ngati katswiri pa nkhaniyi. Koma kumvetsa kwenikweni ndinakamvetsera ku Scarborough, ku Canada, nditavala magolovesi, m'chipinda chodyeramo nkhalamba.

Anandikokera kumeneko ndi mwana wa achemwali anga, namwino, amene anati ntchito yosamalira okalamba ku Canada ndi yosatha. Tsiku lonyamuka mayi akunyumba sanalire. Pabwalo la ndege anangondikonza kolala ya malaya n'kunena kuti, "Mukakafika uko musakalowerere nkhani za eni ake." Amandidziwa mayi amene aja. Ndinalonjeza, ndipo panthawiyo ndinkanena zoona.

Ndinapeza kachipinda ka pansi pa nyumba ya munthu wina, kumeneko amati besimenti. Zenera linali limodzi, m'mwamba, ndipo ndinkangoona nsapato za anthu odutsa. Kuzizira? Abale, tisamanamizane kuti ku Dedza kumazizira. Ndinkaima podikira basi nditavala mathalauza awiri, mphuno ikuwawa ngati wina waitsina, ndikudzifunsa kuti kodi ndinalakwira yani. Koma munthu amazolowera. Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kumudzi, mayi n'kunditumizira chithunzi cha khoma la nyumba likukwera, ine mtima n'kukhala m'malo.

Ntchito yake inali kusambitsa nkhalamba, kuzimeta ndevu, kuzidyetsa, kusintha zofunda, ndi zina zimene sitingatchule anthu akudya. Sabata yoyamba ndinachita manyazi, ndisabise. Ine amene ana ankaimirira ndikalowa m'kalasi! Amene anandichotsa manyaziwo ndi Mayi Zulu, mnzanga wa pashifiti, wa ku Chipata, mayi wamfupi koma wa pakamwa pakuthwa.

"Aphunzitsi," anatero tsiku loyamba, titaima pabedi la gogo wina wolemera thupi, "apa si pasukulu iyayi. Gwirani kumiyendo, ine nigwire kumapewa. Manje tiyeni."

Tinkanyozana tsiku lililonse, iwo kuti ife Amalawi mpira sitiudziwa, ine kuti Chinyanja chawo n'chothyokathyoka. Pachakudya cha masana tinkagawana ndiwo. Zaka zonse zimene ndinakhala kumeneko sindinapeze mnzanga woposa ameneyo.

Pakati pa nkhalamba zathu panali abambo awiri amene aliyense ankawadziwa. A Petro anachokera ku Ukraine, munthu wochepa thupi, woyenda pawilitcheya, wokonda kubisa maswiti pansi pa pilo. A Borisi anachokera ku Russia, chimunthu chachikulu, choyenda ndi chogwirizira cha matayala. Onse anafika ku Canada kalekale. Anagwira ntchito limodzi pafakitale ya magalimoto ku Oshawa mpaka kupuma, anaperekezana pamaliro a akazi awo, kenako n'kutsatirana kunyumba ya okalambayi. Ikangokwana thu koloko masana ndinkakankha a Petro kupita nawo patebulo la pazenera, a Borisi akubwera pambuyo atapanira bokosi la chesi m'khwapa.

Kasewero kawo kanali koseketsa. A Petro manja ankanjenjemera kwambiri moti sankatha kugwira kachidole ka chesi osagwetsa tinzake. A Borisi manja anali olimba, koma maso anali atachita ng'ala. Ndiye a Petro ankawauza anzawo mmene zinthu zilili pabolodi, a Borisi n'kumasuntha zidole za mbali zonse ziwiri. Munthu kusunthira mdani wake chidole choti chimudye! Ankatukwanana m'chinenero chawo, n'kuseka mpaka kutsokomola. Ine atamva kuti ndinali mphunzitsi anayamba kunditcha Pulofesa.

Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itabuka kwawo kuja, sanadane tsiku lomwelo ayi. Ichi ndimafuna anthu achimvetse. Masiku oyamba ankakhala pamodzi pawailesi yakanema, akuona nyumba zikugwa, onse misozi ili chuchuchu. A Borisi ndi amene ankatukwana atsogoleri a dziko lawo kuposa wina aliyense. A Petro anali ndi mlongo wawo mumzinda wina umene unkaphulitsidwa, ndipo akamuimbira, a Borisi ndi amene ankawagwirira foni kukhutu.

Zinayamba ndi kambendera. Mwana wamkazi wa a Petro anabwera nako Lamlungu lina, kabuluu ndi chikasu, n'kukamata kumbuyo kwa wilitcheya ya bambo ake. Panalibe cholakwika, munthu kwawo kukupsa. Koma tsiku lomwelo mlendo wina wodzaona gogo wake, ataona kambenderako, ananena mokweza kuti anthu a ku Russia onse ndi zigawenga, kuyambira makolo awo. A Borisi anamva.  Mawa lake anandiuza kuti ndiwapachike pachifuwa mendulo ya bambo awo, ya pankhondo yachiwiri ya dziko lonse ija.

"Pulofesa," anatero ndikuimangirira pajekete, "bambo anga anataya mwendo akuteteza midzi ya kwawo kwa Petro komweko. Lero akhala chigawenga?"

A Petro ataona menduloyo nkhope inasintha. Kwa iwo inali chizindikiro cha asilikali amene ankaphulitsa nyumba ya mlongo wawo. Anaitanitsa mbendera yaikulu, yomangirira pakamtengo. A Borisi anayamba kuliza nyimbo za asilikali pakawailesi kawo, chitseko chili chotsegula. A Petro anaitanitsa wailesi yokulirapo. Mphwawo wa a Borisi anabweretsa sipika. Kolido yonse inkangoti gugugu, Mayi Zulu akuyenda atatseka makutu. Ukafunsa uyu ankati, "Ine ndikungoyankha." Ukafunsa uyo, mawu omwewo. Chesi ankasewerabe, koma mwakachetechete, kuseka kuja kutatha.

Kenako mipando ya m'chipinda chodyera inayamba kusamuka. Gogo wina wamkazi wa ku Poland anakokera mpando wake kutebulo la a Petro. Mkulu wina wa ku Serbia, wamfupi, wolongolola, anakakhala kwa a Borisi n'kumawatcha achimwene. Gogo wa ku Poland anali ndi anzake oluka nawo masikafu, amenewo anatsatira. Wa ku Serbia anali ndi anzake osewera nawo makadi, nawonso anatsatira. Panali mkulu wina wa ku Sri Lanka amene sankadziwa ndi komwe Ukraine ili, koma poti ankagona chipinda chimodzi ndi wa ku Serbia, anangopezeka ali m'gulu. Ameneyu ankandikumbutsa agogo anga.

Tsiku lake linali Lachinayi, tsiku la supu wa nsawawa. Mkulu wa ku Serbia ankadutsa kumbuyo kwa a Petro, chogwirizira chake n'kukola kamtengo ka mbendera. Mbendera inagwa pansi, iye n'kuiponda. Kaya dala kaya ngozi, mpaka lero sindidziwa, chonsecho ndinali pomwepo, mbale zili m'manja. Gogo wa ku Poland sanafunse. Anatola banzi n'kumugenda nalo pakhosi. Uyo anakuwa kuti, "Achimwene, mukuona?"

Apa ndinaona ndi maso angawa kuti a Borisi sankafuna kuimirira. Anayang'ana kwa a Petro, a Petro nawo anayang'ana kwa iwo, ngati akupemphana kuti tisachite zimenezi. Koma tebulo lonse linkawayang'ana a Borisi, ndipo munthu amene wavomera kutchedwa achimwene sangangokhala pansi mng'ono wake akugendedwa. Anaimirira. A Petro nawo kumbuyo kwawo kunali agogo asanu akudikira kuti amve mawu. Zimene anauzana sindinazimve, zinali za m'chinenero chawo, koma gogo wa ku Poland, amene ankamvako, anagwira pakamwa. Supu anatayika, masupuni anauluka, wa ku Sri Lanka anabisala kuseri kwa nyuzipepala.

A manijala athu, mayi wodekha wa ku Jamaica, anagamula kuti magulu awiriwa azidya nthawi zosiyana, ndipo a Borisi anawasamutsira m'mwamba, pansanjika yachitatu. Tikukolopa ndinati, "Mayi Zulu, izi ndi zimene ndinkaphunzitsa, ndendende! Wamng'ono wayambitsa, akuluakulu alowa chifukwa cha mapangano. Mpaka wa ku Serbia alipo, ngati pankhondo ya Chiwaya!"

"Phunzitsani mopu," anatero. "Kuja kukali supu."

Ine ndinkaseka nkhalambazo, koma Loweruka lina zinandigwira ndemwe. Tinali ku Markham kunyumba kwa m'bale wina, Amalawi ndi a ku Zambia pamodzi, tikuwotcha nyama, ana obadwira konko akutiyankha m'Chingerezi tikawafunsa m'Chichewa. Azibambo tinayamba za nkhondoyo. Posakhalitsa tinagawikana, awa uku, awa uko, aliyense akuonetsa kavidiyo pafoni. Ndinangozindikira ndaimirira, ndikuloza munthu ndi foloko. Mfundo ndinalibe. Chimene chinandiimiritsa n'chakuti munthuyo anatsutsa mnzanga wa ku Ntcheu. Mayi Zulu anadutsa ndi mbale ya saladi n'kunena kuti, "Onani, tebulo ya ba Borisi yafika ku Markham." Ndinakhala pansi mwamanyazi. Sabata yomweyo mayi akunyumba anaimba foni kudandaula kuti feteleza wakwera mtengo, ndipo ogulitsa akuti chifukwa chake ndi nkhondo yomweyo. Ndinati, "Ha! Mpaka pamunda pathu yafika?"

Tebulo la pazenera linakhala lopanda munthu. A Petro anasiya kubisa maswiti. M'mawa wina ndikuwapaka sopo wometera anandifunsa kuti, "Pulofesa, iwe unaphunzitsa zimenezi. Zimatha bwanji?"

"Zimatha anthu akatopa ndi kuika maliro," ndinatero. "Kenako amakakhala patebulo lomwe akanakhalapo poyamba."

"Ndiye aphunzitsi inu mumaphunzitsa chiyani, anthu osamva chonchi?"

Ndinangopitiriza kumeta.

Patapita milungu ingapo, namwino anatiuza polandirana shifiti kuti mtima wa a Petro wafooka kwambiri, madokotala akuti miyezi yatsala yowerengeka. Kwathu nkhani yotere imafika kwa mdani wako dzuwa lisanalowe, iye n'kuvala jekete kubwera kudzakuzonda, mkangano n'kuthera pomwepo pamphasa. Kumeneko ayi. Matenda a munthu ndi chinsinsi, ukauza wina ntchito yatha, ndipo tinachita kusainira. A Petro eni ake anakana kuti a Borisi auzidwe. Ine ndikakwera pansanjika yachitatu ndinkawapeza a Borisi atakhala okha, bokosi la chesi lili pamiyendo. Zinkandipweteka kwambiri. Anthu ocheza zaka zonsezo, mmodzi apite mnzake asakudziwa, mawu omaliza akhale aja a tsiku la supu? Lonjezo la pabwalo la ndege ndinaliiwalira pamenepo.

Amene sanakhalepo nkhoswe ndimufotokozere. Mkazi akakwiya n'kunena kuti, "Kamuuzeni galu ameneyo kuti ndatopa naye," nkhoswe sukanena choncho. Umakafika kwa mwamunayo, n'kukhala pansi, n'kunena kuti, "Mayi mtima ukuwapweteka, akufuna mukambirane." Mawu umawatsuka panjira. Mwamunayo amadziwa kuti atsukidwa, mkaziyo amadziwanso, ndipo palibe amene amakutcha wabodza, chifukwa ndi ntchito imene anakuikira. Ine ndinaona kuti nkhalamba ziwirizi zikungosowa nkhoswe basi.

Mawa lake nditamaliza kuwaveka a Petro ndinati, "Ndikukwera m'mwamba. Pali uthenga wa a Borisi?"

"Kachiuze chimbalangondocho chibweze chesi yanga."

Ndinakwera. "A Borisi, a Petro akuti akusowa chesi, komanso munthu amene ankasewera naye."

A Borisi anasisita bokosi la chesi. "Wanena choncho?"

"Anena choncho."

"Kamuuze kuti chesiyi ndinagula ndine. Iye ndi mbava."

Ndinatsika. "A Petro, a Borisi akuti chesiyo anagula kuti muzisewera awiri, kwa munthu mmodzi ilibe ntchito."

A Petro anatembenukira kukhoma, koma ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya bulangeti.

Ndinayenda choncho pafupifupi mwezi, kukwera ndi kutsika, kukwera ndi kutsika. A Petro anayambanso kubisa maswiti. A Borisi anavula mendulo n'kuiika m'dirowa. Ndinasangalala, ndipo chisangalalocho n'chimene chinandipusitsa. Poona kuti a Petro akupuma movutikira tsiku ndi tsiku, ndinafulumira. Ndinauza uyu kuti anzanu akupepesa, n'kukauzanso uyo kuti anzanu akupepesa.

"Aphunzitsi," anatero Mayi Zulu nditawaululira, "awa anthu si a ku Ntcheu iyayi. Azayesa ni zoona. Muzagwidwa imwe."

"Mabanja anayi, Mayi Zulu," ndinatero ndikuwaonetsa zala. "Anayi!"

Ndinapempha chilolezo kwa a manijala choti awiriwa akumane patebulo la pazenera. Tsikulo a Borisi anavala tayi. A Petro anandiuza kuti mbendera yaikulu itsale m'chipinda, kakang'ono kaja n'kokwanira. Ndinawakhazika moyang'anizana, ine n'kuima pambali manja kumbuyo, chifuwa chili patsogolo. A Petro anakonza kukhosi, n'kulankhula m'Chingerezi kuti inenso ndimve.

"Borisi, ndaganiza bwino. Kupepesa kwako ndakulandira."

"Kupepesa kwa ndani?" anatero a Borisi. "Ine ndavala tayi kudzalandira kwako."

Anafunsana mawu awiri atatu m'chinenero chawo. Kenako mitu iwiri inatembenukira kwa ine pang'onopang'ono. Mayo ine!  Ndinayesa kufotokoza za unkhoswe, za kutsuka mawu panjira, za mabanja anayi. Ine ndimati akudziwa okha, monga mmene anthu amadziwira kwathu, kuti pena ndinkathira kamchere. Iwo anali atakhulupirira liwu lililonse.

"Ndiye sananene kuti akundisowa?" anafunsa a Borisi.

"Anati ndinu chimbalangondo."

"Nanga za ine anati chiyani?" anafunsa a Petro.

"Mbava."

"Wabodza iwe!" anakuwa a Petro, akundiloza ndi chala chonjenjemera. "Watiyesa ana?"

A Borisi anamenya tebulo. "Tikakudandaulira kwa a manijala. Uchotsedwe ntchito!"

Chiyambire tsiku la supu, aka kanali koyamba kuti agwirizane chinthu.

A manijala anandichotsa kwa onse awiri, n'kuwauza kuti dandaulo liyenera kukhala lolemba. Anawapatsa munthu woti awalembere, iwo anakana, ati wantchito aliyense pano ndi mnzake wa Pulofesa. Koma a Petro sakanatha kugwira cholembera, ndipo a Borisi sakanatha kuona mzere. Mawa lake thu koloko Mayi Zulu anauzidwa kuti akankhe a Petro kupita nawo patebulo la pazenera, kuli ntchito yolemba kalata.

Masiku amenewo ndinkaopa kuchotsedwa ntchito. Chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangika kuntchitoyo, ndipo khoma la kumudzi linali lisanafike pamalata. Ndinazindikiranso kuti ndinalakwadi. Anali akuluakulu, ndipo ine ndinawaika mawu m'kamwa osawapempha. Koma Mayi Zulu ankandibweretsera malipoti pachakudya cha masana, akuseka mpaka kutsamwa.

"Lelo alemba chabe moni. Akangana ola lonse kuti ayambe bwanji."

Tsiku lotsatira anati, "Uyu afuna alembe kuti ndimwe wabodza, uja akuti iyayi, wachinyengo."

Tsiku lachinayi anafika mwakachetechete, n'kukhala pansi, n'kutsegula kontena yawo ya ndiwo. "Aphunzitsi," anatero, "chesi yabwela. Ati ni yotsamiritsira pepala."

Kalata ya tsamba limodzi inatenga milungu itatu. A manijala anandiitana n'kuiwerenga mokweza, ine nditaimirira. Inali yaukali ndithu. Inati ndine munthu wosadalirika, wolowerera nkhani za eni, wosayenera kutumidwa uthenga uliwonse. Koma kumapeto inati asandichotse ntchito, chifukwa palibe wina panyumbapo amene amameta ndevu osacheka khungu. A manijala anandibwezera kwa awiriwo, n'kundipatsa chenjezo lolemba, anandiuza mosaseka kuti ndisadzachitenso, kenako anatembenukira kuzenera mapewa akugwedezeka. Ndinapempha kope la kalatayo ndipo anandipatsa.

Za nkhondoyo sanagwirizane mpaka mapeto, ndisakunamizeni. Ankakanganabe za mbiri, za malire, za amene anayamba. Koma ankakangana chesi ili pakati, a Borisi akusuntha zidole za mbali zonse ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti magulu aja ndi amene anachedwa kuyanjana. Gogo wa ku Poland anakwiyira a Petro kuti awagulitsa, wa ku Serbia anati achimwene afooka. Eni mkangano ankagawana maswiti, otsatira akadali kuyang'anana ndi diso lofiira. Wa ku Sri Lanka yekha ndi amene anabwerera pampando wake wakale tsiku lomwelo.

Za matenda aja a Petro anawauza okha anzawo, ine ndilibemo. Atalephera kudzuka, chesi inasamukira pabedi. Masana ena ndikutuluka m'chipindamo ndi mathawulo, a Borisi anandigwira mkono pakhomo.

"Pulofesa, unkadziwa?"

"Ndinkadziwa."

"N'chifukwa chake unanama."

"Sindinaname, a Borisi. Ndinkatsuka mawu."

"Unanama," anatero. Koma mkono wanga sanausiye msanga.

A Petro anamwalira masana, a Borisi ali pampando pambali pawo. Ndinalira, Mayi Zulu analira, ngakhale kuntchito anatiphunzitsa kuti tizidzigwira. Maliro atatha, a Borisi anapempha kambendera kaja kwa mwana wa malemu, n'kundiuza kuti ndikamate pachogwirizira chawo. Wa ku Serbia atafunsa ngati asintha dziko, anayankha kuti, "Dziko langa ndi lomwe lija. Aka ndi ka Petro." Mmene ndinkachoka kumeneko anali akuyendabe nako.

Ndinagwirabe ntchito kanthawi ndithu, mpaka msana unayamba kukana kunyamula anthu. Ndinabwerera kwathu ndili wokhutira. Nyumba ndinaipeza itatha, malata akuwala. Ana anga ndinawapeza ali ndi ndevu, akundipatsa moni ngati mlendo wochokera kuboma. Mayi akunyumba anali atazolowera kulamula okha, moti ndinkachita kufunsa pomwe amasunga makiyi. Awiri mwa mabanja anga anayi aja anali atapeza ankhoswe ena, osandiuza n'komwe. Zinandiwawa pang'ono, koma ndinangoti ayi, zili bwino.

Akumasula sutikesi, mayi anapeza kalata ija m'kati mwa Baibulo. Anavala magalasi n'kuiwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Wolowerera nkhani za eni," anatero, akundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndinakuuzani chiyani pabwalo la ndege?"

Ndinawafotokozera zonse, kuyambira kambendera, supu, mpaka tayi ya a Borisi. Anayang'ananso pansi pa kalatayo, pamene panali mayina awiri. La a Borisi linali lalikulu, lopendekeka, lotuluka mumzere. La a Petro linali laling'ono koma loongoka bwino.

"Mwati awa manja ankanjenjemera. Nanga analemba bwanji mooneka bwino chonchi?"

"Mayi Zulu anaona," ndinatero. "A Borisi anachita kuwagwira dzanja."

Mayi anaika chala padzinapo.

"Ndiye pa zonse za padziko lino, awiriwa anagwirizana chimodzi, choti inu ndinu wabodza?"

"Chimodzi chomwecho."

"Mawa mukagule felemu," anatero. "Tiipachike pabalaza."